Bulauzi ya a Idah yosapinda m'munsi

Alamu anga a Yona Namakhwa anali telala pakhonde la golosale ina mumsika wa Zingwangwa kwa zaka zoposa makumi atatu. Ngati munasoketsako yunifolomu ya mwana kapena suti ya ukwati kuderali, mwina mukuwakumbukira: bambo wamfupi wadazi, tepi ili m'khosi, choko kukhutu, wodziwa ntchito koma wamakani zedi. Ine ndine Brenda, mng'ono wa akazi awo a Idah, ndipo makani amenewo ndinalimbana nawo kuposa munthu wina aliyense.

Anali ndi lamulo limodzi limene linawadanitsa ndi makasitomala ambiri. Chovala ankasoka chonse, manja, kolala, mabatani, koma m'munsi sankapinda mpaka mwini wake atabwera kudzayesa ataima pamaso pawo. Ukatuma munthu kuti akakutengere, ankabwerako chimanjamanja. Ukaimba foni kuti angopinda poti muyeso ali nawo kale, ankayankha kuti tepi imadziwa kutalika kwa munthu koma siidziwa kaimidwe kake. Wina amapendekera kumanzere, wina mimba imamukwezera nsalu kutsogolo, wina kumbuyo. A Majidi, telala wachisilamu amene makina ake anali pafupi ndi awo pakhonde lomwelo, ankawachonderera mwachipongwe kuti lamulolo asadzalisinthe, chifukwa onse olithawa ankagwera kwa iwo.

Lamulo lomwelo ndi limene linawapezera mkazi. Achemwali anga atangofika m'tauni kuchokera kwathu ku Phalombe mu 1996, anasoketsa diresi kwa iwo. Anatumiza uthenga katatu kuti diresilo libwere, osabwera. Kachinayi anapita okha atamanga chitenje m'chiuno, okonzeka kulalata. Sindikudziwa zimene zinakambidwa pakhondepo, koma chaka chisanathe a Yona anali atakaonekera kwa amalume kumudzi.

Anamanga kanyumba ka zipinda ziwiri ku Chilobwe, kumtunda kwenikweni m'munsi mwa phiri la Soche, kumene mapoloti anali otsikirako mtengo. M'nyumba imeneyo anadikira mwana zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, mwana osabwera. Abale awo a Yona anawauza kangapo konse kuti apeze mkazi wina, iwo n'kumangopalasa makina ngati sakumva. Achemwali akalira, alamu ankangoti, "Mulungu akudziwa pamene timakhala, mayi." Ine mawu amenewa ankandipsetsa mtima. Ndinkafuna kuti tsiku lina akwiyeko, amenye tebulo, afunse mafunso ngati anthu ena onse. Koma ankadzuka m'mawa, n'kupemphera, n'kutsetsereka kupita ku Zingwangwa.

Nkhani ya mwana itazilala chifukwa cha msinkhu, achemwali anatsala ndi khumbo limodzi: kuvala yunifolomu ya amayi a Mvano kumpingo kwawo, bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera. Chinawachedwetsa chinali chakuti ukwati wawo unali wachinkhoswe chabe. Unadalitsidwa m'tchalitchi mu 2021, onse imvi zili mbuu, ine ndikululutira mpaka mawu kutha. Kenaka achemwali anachita maphunziro, ndipo anauzidwa kuti adzavekedwa pa Pasaka wa 2023. Nsalu yoyera anakagula okha ku Limbe, ndipo wosoka sakanakhala wina.

Loweruka pa 11 Malichi masana, mvula itayamba kuwaza, achemwali anadutsa pakhonde paja kuchokera kogula ndiwo. Izi anandiuza ndi a Majidi, amene analipo. Bulauzi inali itatha, kungotsala m'munsi. Alamu anali ataimanga ndi mapini, singano ya ulusi woyera atabaya pamsoko.

"Tayesani, mayi, ndipinde lero lomwe," anatero alamu.

"Mvula iyi? Ndayanika zovala panja ine. Ingopindani, kodi thupi langa simulidziwa inu?"

"Lamulo ndi lamulo."

"Ndiye mubwere nayo kunyumba."

"Nsalu yoyera m'matope a ku Chilobwe? Ayi, mudzayesera pompano."

Achemwali anaseka n'kusenza dengu lawo. "Chabwino, abwana telala. Lolemba ndibwera."

Lamulungu atatuluka m'tchalitchi alamu anapita ku Bangwe kukaona akulu awo amene ankadwala. Mvula inakula, minibasi zinaleka kuyenda, ndipo anagona komweko. Inali mvula ya namondwe Freddy. Lolemba m'mawa anayenda wapansi kuchokera ku Bangwe mpaka ku Chilobwe. Pamene panali nyumba yawo anapezapo matope ndi miyala ikuluikulu yochokera kuphiri, ina yaikulu ngati minibasi. Ngakhale mtengo wa mapeyala umene unali pakhomo sunalinso.

Tinakumba masabata awiri. Alamu anathyola mipini iwiri ya khasu, kenaka anayamba kufukula ndi manja. Tinapita kumochale, tinavundukula nsalu pankhope za anthu amene sitinkawadziwa. Tinazungulira m'sukulu momwe munasonkhana opulumuka, tikuitana dzina. Mabanja ena anapeza abale awo n'kuwaika. Ife sitinapeze ngakhale patapata. Pa chilichonse chimene achemwali anali nacho padziko pano, chinatsala ndi bulauzi ija basi, chifukwa inali mujumbo pansi pa makina ku Zingwangwa.

Patapita miyezi itatu amalume anabwera kuchokera ku Phalombe. Anati maliro sangakhale chikhalire osatsekedwa. Poti thupi palibe, tiike chovala cha malemu m'manda kumudzi, tizikepo mtanda, anthu amete, ndipo mkamwini amasulidwe. Anandituma ine kukatenga bulauziyo, akuti ndine amene ndimamasuka nawo alamu. Ndinavomera msanga, chifukwa inenso ndinkafuna manda. Ndinkafuna malo oti ndizipitako kukasesa ndi kulira, osati kumangoyang'ana phiri lonse osadziwa poloza maso.

Ndinawapeza alamu akusoka kabudula wa sukulu. Ndinafotokoza zonse mwaulemu, ine amene ulemu suchedwa kundithera. Anamvetsera, phazi lili duu pachopondera.

"Sanayese, mlamu," anatero.

"Mwati chiyani?"

"Bulauziyo mwini wake sanayese. Siingachoke pano."

Ndinaphulika pamaso pa msika wonse. "Alamu, kodi mutu ukuyenda bwinobwino? Achemwali anafa! Ayesa liti? Mukufuna tizingokhala ngati tinataya nkhuku?"

Anavula magalasi pang'onopang'ono. "Ndikudziwa kuti anafa, a Brenda. Ndinakumba ndi manja angawa. Koma tikakwirira nsalu ku Phalombe n'kulemba dzina lawo pamtanda, ndiye kuti tanena kuti ali pamenepo, chonsecho sali pamenepo. Ine sindidziwa mwala umene anagona pansi pake, koma Mulungu akuudziwa. Tsiku lake likadzakwana adzawaitana ndi dzina, ndipo adzadzuka. Anandiuza kuti abwera. Ndadikirapo zinthu zambiri ine, ichi sichingandikanike."

Amalume anabwerera kumudzi atakhumudwa. Kunachitika mapemphero chabe, popanda manda. Ine ndinawanyanyala alamu miyezi isanu ndi iwiri. Ndikamapita kumsika ndinkazungulira njira ya kumakala kuti ndisadutse pakhonde paja. Ndinkaona ngati andilanda achemwali anga kachiwiri.

Amene anathetsa mkwiyo wanga ndi a Majidi. Anafika pakhomo panga Lachisanu lina pochokera kumzikiti. "Mayi Brenda, alamu anu akutha," anatero. "Akukhala okha m'kachipinda ka lendi, chakudya ndi tiyi ndi chinangwa basi. Ine ndikabweretsa mpunga akuti akhuta. Inu ndi amene mumatha kuwakalipira. Tabwerani mudzawakalipire."

Ndinapita Lolemba m'mawa ndi kontena ya nyemba. Ndinaima patali pang'ono chifukwa cha zimene ndinaona. Asanavundukule makina, alamu anatulutsa jumbo ija, n'kuyala bulauzi pamiyendo. Anaikung'untha, n'kuyang'ana mapini onse limodzi ndi limodzi. Lina linali litayamba dzimbiri, analichotsa n'kubaya latsopano kuti nsalu isathimbirire. Kenaka anatsinzina, milomo ikuyenda, manja ali pakolala. A Majidi anandinong'oneza kuti amachita zimenezi Lolemba lililonse. Ndinatula kontena patebulo n'kuwauza kuti aonda ngati ndodo ya mopu, ndipo anadya nyemba zonse ndikuwayang'anira.

Kuyambira pamenepo ndinkakhala nawo pakhondepo nthawi zambiri. Ndinaona kuti Lachinayi, amayi a Mvano akamadutsa m'zoyera zawo, ankaimitsa makina mpaka womaliza atakhota pakona. Ndinaonanso kuti minibasi ya ku Chilobwe ikaima pasiteji, mutu wawo unkadzuka wokha.

"Munati mukudziwa kuti anafa," ndinawaseka tsiku lina. "Nanga mukuyang'ana ndani?"

"Mutu ukudziwa, mlamu. Khosi ndi limene silinamvebe."

Sindikufuna kunama kuti anali munthu wosasweka mtima. Tsiku lina mitambo itachita bii pamwamba pa Soche, anasiya kusoka n'kuyang'anitsitsa phirilo nthawi yaitali. Anandiuza kuti amamufunsa Mulungu chifukwa chimene mvula inawatsekera ku Bangwe, m'malo moti akhale m'nyumba muja apitire limodzi ndi akazi awo. Anati amawasowa achemwali ngakhale pa zinthu zazing'ono, monga kudandaula kwawo akapeza ulusi m'thumba la buluku pochapa. Ndinafunsa ngati Mulungu anawayankha.

"Sanandiyankhe," anatero, misozi ili m'maso. "Za mwana zija sanandiyankhenso. Koma ndilibe kwina kopita, ndipo sindikufuna kwina. Ndidikira pakhomo pomwepa."

Mwezi wa Juni 2025 miyendo ya alamu inayamba kutupa, kupuma kukuvuta. Madokotala anati ndi mtima. Phazi linalephera kupalasa makina, ndipo ndinawatengera kwanga ku Zingwangwa. Pa katundu wawo yense, chimene ananyamula okha m'manja chinali jumbo ija. Anakhala nafe masabata asanu. Lolemba lomaliza zala zinkanjenjemera moti mapini ndinawasinthira ndine, iwo akundilozera ndi maso. Anamwalira Lachitatu m'mawa, dzuwa litangotuluka, ndikuwawerengera Masalimo.

Tsiku loika maliro ndinaganiza kuti bulauziyo ipite nawo m'bokosi. Nditaitulutsa ndinachita manyazi. M'munsi munali mwa nyankhalala, mapini ali ndandanda, singano ikulendewera ndi ulusi wake. Ndinati telala wodziwika ngati ameneyu sangapite ndi ntchito yosamaliza, anthu atiseka. Ndinatuluka panja pamene panakhala azibambo, n'kuwaitanira pambali a Majidi.

"Chonde tapindani m'munsimu mwachangu, bokosi lisanatsekedwe. Ndi ntchito ya mphindi khumi kwa inu."

A Majidi anailandira ndi manja awiri. Anayang'ana msoko wa mnzawo, n'kusisita kolala ndi chala.

"Mayi Brenda," anatero, "zaka zonsezi ndapinda zovala za anthu osayesa, ndipo ndinkamuseka Yona tsiku ndi tsiku. Koma iyi ayi. Mwini wake sanayese."

Anapisa m'thumba la mkanjo wawo n'kutulutsa tepi ya alamu ndi kachidutswa ka choko, zimene anazitola pakhonde paja. Anaziika pamwamba pa bulauzi n'kundibwezera. Ndinalira pamenepo kulira kumene ndinakusunga zaka ziwiri.

Tinaikulunga bwinobwino n'kuiika pachifuwa pa alamu, mapini ndi singano zili momwemo. Amayi a Mvano ndi amene anaimba bokosi likutuluka, onse m'zoyera.

Pamtanda tinalemba dzina limodzi lokha, la a Yona, monga akanafunira. Makina awo ali pakona m'chipinda changa, ndinawafunditsa chitenje. Manda oti ndizisesa ndili nawo tsopano, ndipo ndikaweramuka ndi tsache phiri la Soche limaoneka lonse. Ndimawasowa onse awiri koopsa. Kale ndinkayang'ana phirilo ndi mkwiyo, pano ndimaliyang'ana ngati mmene alamu ankayang'anira minibasi. Ndimaganiza za m'mawa umene achemwali adzaime atavala zoyera zawo, akudandaula kuti anthu akudikira, alamu atagwada pansi mapini ali pakamwa, akuwauza kuti aime mowongoka. Ndikufuna ndidzakhalepo, ndidzawagwirire galasi.