Phulusa pa Chitseko cha Pikapu

Polishi wa galimoto wa masiku amenewo ankanunkhira ngati kandulo yosakaniza ndi palafini. Loweruka lililonse fungo limeneli linkadzaza bwalo lathu ku Keko mpaka kulowa m'chipinda momwe tinkagona. Abambo ankamusunga m'kachitini pamwamba pa kabati, pomwe dzanja la mwana silikanafika. Ndinali kamtsikana ka sitandade fili chaka chimenecho, chomwe kwathu kunasiya kutchedwa Nyasaland, ngakhale kuti ine kwathuko ndinali ndisanakupondepo. Ndinabadwira mu Dar es Salaam momwemo, ndipo Chinyanja ndinkachilankhula m'nyumba mokha.

Pikapu ya abambo inali yobiriwira modera, yakale ndithu, yogula kwa mmwenye wina wa ku Upanga. Ndiyo inkatidyetsa. Abambo ankanyamulira mipando, mabedi ndi makabati kuchokera kwa akalipentala a ku Keko kupita nazo kwa ogula. Koma kasamalidwe kake kanali konyanya, moti amayi ankanena poyera kuti iwo ndi mkazi wamng'ono, wamkulu ndi uja ali panjayo. Madzi a pachitsime sankaloledwa kuikhudza, chifukwa anali amchere ndipo akauma ankasiya timadontho toyera. Iyo inkasamba madzi amvula a mumgolo, ife eni nyumba n'kumasamba amcherewo. Ankaitsuka m'mawa chitsulo chisanatenthe, kuyambira padenga kutsika m'munsi, ndi nsanza zofewa za mavesiti awo akale. Khwangwala akangoinyerera, abambo ankasiya tiyi pakamwa n'kuthamanga ndi kansalu konyowa, amvekere zitosi zimadya penti, ndipo penti akachoka mphepo ya kunyanja imabweretsa dzimbiri. Ife ana tinkadziwa kuti kuyedzamira galimotoyo ndi mlandu woposa kuthawa sukulu.

Mvula yaikulu, imene kumeneko amati masika, itangoyamba, kunafika amayi aang'ono a Edina, mng'ono wawo wa amayi. Anachokera ku Thyolo, komwe anakwatiwa ndi kapitawo wa m'munda wa tiyi. Anafika ndi kamtolo kamodzi, mapazi atatupa ndi ulendo, ndipo ife anatiuza kuti abwera kudzacheza. Koma nyumba yathu inali ya zipinda ziwiri, ndipo m'nyumba yotere mulibe chinsinsi. Ndinamva kuti athawa banja. Ndinamvanso zomwe ananena amalume a Yohane, achimwene awo a amayi, omwe ankagwira ntchito kudoko ndipo ndiwo anali nkhoswe ya ukwatiwo. Anati mkazi sathawa nyumba chifukwa cha kusemphana mawu, ndipo mvula ikangodula, msewu wopita kumudzi wodzera ku Mbeya n'kuuma, Edina abwerere kwa mwamuna wake. Abambo sanatsutse. Anati malo ndi ochepadi.

Ine ndinawakonda kuyambira tsiku loyamba. Tinkagona pamphasa imodzi, ankandiluka tsitsi osandikoka ngati amayi, ndipo popeza Chiswahili sankachimva, kumsika ine ndinkawalankhulira n'kumadzimva munthu wamkulu. Sindinkafuna kuti apite. Anzanga ankadandaula ndi matope ndi udzudzu, ine ndikupemphera chamumtima kuti mvula isathe.

Nawo ankadziwa kuti masiku awo ali m'manja mwa mitambo, choncho ankagwira ntchito ngati akugula malo. Ankadzuka aliyense asanadzuke. Ankasesa ngakhale posesa kale. Mapoto a amayi, omwe anada kuyambira ine ndisanabadwe, anawakwecha ndi phulusa, mchenga ndi makoko a kokonati mpaka anachita kuwala, ndipo anthu oyandikana nafe ankabwera kudzawaona. Abambo anayamikira mapotowo. Ndikukhulupirira kuti mavuto onse anayambira pa kuyamikira kumeneko.

Loweruka lina pikapu inagona pabwalo chifukwa lamba wa injini anali ataduka. Inali itabwera dzulo lake ili matope okhaokha, ndipo akhwangwala anali atawonjezerapo zawo. Abambo analawirira wapansi kukafuna lamba wina, ine ndi amayi tinapita kumsika. Pobwerera tinapeza amayi aang'ono atagwada pambali pa galimoto, beseni la phulusa ndi mchenga lili pafupi, khoko la kokonati lili m'manja. Anali atamaliza chitseko cha kumanzere. Anatimwetulira, thukuta lili kamukamu, n'kuthira madzi kuti tione. Chili chonyowa chitsekocho chinawaladi. Kenako dzuwa linachiumitsa ife tikuona, ndipo kubiriwira konse kunazimirira. Chinatuwa mbuu, chili ndi mizere yozungulirazungulira paliponse pomwe dzanja lawo linadutsa.

Amayi anatula dengu pansi pang'onopang'ono. "Iwe Edina, wachita chiyani?"

Asanayankhe, abambo analowa pachipata, lamba watsopano wakuda ali m'dzanja. Anaima. Ine ndinadziwa kuti tsopano sadikiranso kutha kwa mvula, amayi aang'ono awakweza basi mawa lomwe. Abambo anayandikira chitsekocho, kenako anakweza dzanja kuti agwire kumutu, monga ankachitira zinthu zikawakulira. Linali dzanja lomwe munali lamba.

Amayi aang'ono anadzigwetsa m'matope, nadzipinda, mikono itaphimba mutu. Sanalire, sanapepese, sanathawe. Anangodikira, msana atauloza kwa abambo, ngati munthu wodziwa kale pomwe chikwapu chimagwera. Nsalu yawo inatsetsereka paphewa, ndipo tonse tinaona zipsera zazitali, zina zakale, zina zisanade n'komwe. Ine ndinali nditazionapo posamba, ndipo anandiuza kuti anagwera pawaya waminga.

Abambo anga sanamenyepo munthu m'nyumba mwathu. Anayang'ana msanawo, n'kuyang'ana lamba uja ngati sakumudziwa. Anamuponya kumbuyo kwa pikapu, natuluka pachipata. Chakudya chamasana sanadye nafe. Amayi anadzutsa mng'ono wawo, namutsuka matope kumaso. Amayi aang'ono anamanga kamtolo kawo n'kukaika pafupi ndi chitseko cha chipinda.

Madzulo abambo anabwera ndi kachitini kena, ka mankhwala onga phala lofiirira, komwe anakatenga kwa fundi wopenta magalimoto. Anaona kamtolo kaja, nakakankhira pansi pa bedi ndi phazi. "Mlamu," anatero, "mwawononga ndinu, mukonzanso ndinu. Lolemba m'mawa mundipeze panja."

Sukulu ya amayi aang'ono inayambira pamenepo. Abambo ankawaonetsa kutapa phalalo pang'ono ndi kansalu konyowa, kupaka kamalo kakang'ono ngati chikhatho, kusisita osalimbitsa dzanja, kutsukuluza ndi madzi a mumgolo, n'kusunthira patsogolo. "Pole pole, mlamu, pang'onopang'ono. Iyi si poto. Nsalu imene simungapukutire nkhope ya mwana musaiike apa." Phala likatha ntchito yake ankapaka polishi, kudikira kuti aume mpaka ayere, ndiyeno kupukuta ndi nsanza youma. Masiku oyamba amayi aang'ono ankangocheukacheuka abambo akaima kumbuyo kwawo. Abambo anazindikira, ndipo anayamba kuima patsogolo, chapatali, manja ali m'thumba.

Penti wa magalimoto akale anali wochindikala. Patapita masabata owerengeka chitsekocho chinabwerera, ndipo kunena zoona chinkawala kuposa china chija chomwe sichinalawe phulusa. Timizere tomwe tinatsala tinkaoneka pokhapokha utagoneka tsaya pachitsulo n'kutsinzina diso limodzi. Ine ndinasangalala, koma osati kwambiri, chifukwa mvula nayo inali kuchepa. Mgolo unayamba kutsika, matope a mumsewu anasanduka fumbi, ndipo m'mawa kunayamba kuzizira.

Amalume a Yohane anabwera Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi. Tinawapatsa shikamoo, moni waulemu wa kumeneko, anakhala pampando pakhonde, ndipo tiyi asanazizire ananena chomwe anadzera. Msewu wauma, ndipo pali banja lina lomwe likupita kumudzi, Edina apite nalo. Ndinali nditakhala pansi pafupi ndi amayi aang'ono, nditagwira nsonga ya nsalu yawo.

Abambo anaika kapu pansi. "Alamu, tabwerani muone kaye chinthu china."

Anapita nawo pa pikapu, nawalozera chitseko chija, nafotokoza za phulusa ndi mchenga. Amalume anawerama. Anaona nkhope yawo ndi chipewa chawo m'pentimo.

"Chatani nanga? Si chikuwala bwinobwino ichi?"

"Inu mumadziwa za zombo, za penti zisiyireni ine," anayankha abambo. "Chitseko ichi chawonongeka. Wochiwononga sachoka pakhomo pano mpaka chibwerere mwakale."

"Chibwerera liti?"

"Penti safulumira. Mwina chaka chamawa. Mwina kupitirira."

"Nanga mwamuna wake ndimuuze chiyani?"

"Muwauze kuti mkazi wawo ali ndi mlandu ndi ine. Ngati akumufuna abwere okha. Inenso ndili ndi zowafunsa."

Amalume anayang'ana abambo. Anatembenuka kuyang'ana amayi anga pakhondepo, ndipo amayiwo anawayang'ana m'maso osaphethira. Sindikudziwa zomwe anaona, koma anabwerera pampando, namaliza tiyi wawo, nayamba kukamba za kutentha kwa kudoko. Za ulendo sanazitchulenso, ndipo kapitawo wa ku Thyolo sanabwere.

Amalume atangotuluka, amayi aang'ono anapita kuseri kwa nyumba, nakhala pa beseni lovundikira. Ndinawapeza akuseka misozi ili chuchuchu. Mtima wanga unakhala pansi mwa njira imene sindinaimvepo chiyambire. Ndinadya mbale ziwiri za mpunga madzulo amenewo, ndipo amayi sanandinene kuti ndine wadyera.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse linali ndi mwambo wake. Amayi aang'ono ankatsuka ndi kupukuta, abambo n'kubwera kudzayendera. Ankawerama, kupendeketsa mutu, n'kuloza pamalo posalala ngati galasi. "Pano padakali, mlamu." Iwo ankayankha nkhope ili yosaseka, "Ndapaona, alamu." Chitsekocho sichinathe mpaka pomwe amayi aang'ono anapeza ntchito yochapa pachipatala china ku Upanga n'kupeza chipinda chawochawo, Chiswahili akuchilankhula kundiposa ine mphunzitsi wawo.

Nthawi imeneyo ndinkakondwa kuti atsala, koma abambo ndinkawaona ngati munthu wouma mtima. Ndinkati akuzunza mlendo chifukwa cha timizere tosaoneka, ndipo amayi sanalakwe powanena za mkazi wamkulu. Ndinali nditakula, nditakhalapo pa nkhani za maukwati a ena, pomwe ndinamvetsa mmene zinthu zinalili. Kwathu mwamuna wokwatira m'banja salowerera za ukwati wa mlamu wake. Zimenezo ndi za ankhoswe, ndipo abambo akanati anene za zipsera zija, amalume akanawakumbutsa mwaulemu kuti iwo ndi mkamwini chabe. Pa banja la amayi aang'ono analibe mawu. Pa chitseko cha galimoto yawo anali nawo, ndipo palibe nkhoswe imene ikanawatsutsa.