Kachida ka Mphepo ka a Nyirenda

Fungo la fodya wopachika likandipeza, ndimaona khonde la a Nyirenda, mkulu amene tinayandikana naye ku Edingeni, kumene bambo anawatumiza kukaphunzitsa kuchokera kwathu ku Dedza. Mkuluyu anagwira ntchito zaka zambiri ku Kepi, kunyanja yamchere, pa boti la mzungu loyenda ndi matanga, ndipo m'mawa uliwonse, ng'ombe zikulira potuluka m'khola, ankakhala pampando wachikopa n'kumapukuta kachida kabatire kakukula ngati sopo, kagalasi kake kakuonetsa manambala.

"Popuma ntchito bwana anati ndisankhe chimodzi mwa zida za pa boti," anandiuza. "Choyeza kuya kwa madzi, ku Mzimba kuno cha ntchito yanji? Cholozera njira, ine kwathu ndimakudziwa. Mbwenu ndinatenga choyeza mphepo. Manambala akatsika msanga, ndiye kuti kukubwera chimphepo ndi mvula: panyanja timatsitsa matanga, kuno uzikauza amama ako aanule ufa."

Kangapo konse ufa wathu unapulumuka choncho, ndipo alimi ankabwera kudzafunsa za kunja asanatulutse fodya wawo.

Chaka chimene mvula inadula mu Januwale, ine ndi pakamwa pangapa ndinakadzitama kumjigo kuti a Nyirenda ali ndi kachida kodziwa mvula. Pofika Loweruka nkhani inali itasanduka yoti mkuluyo wamanga mvula. Anabwera anthu omwe aja ankathokoza kuti "yewo chomene" pakhonde lake, opanda ndi manyazi omwe, mipini ili m'manja.

"Ichi chimangoona, ŵabale, sichigwira mtambo," anatero a Nyirenda. Anthuwo anakaphwanya kachidako pamwala, n'kuwapatsa masiku atatu kuti asamuke.

Bambo, aphunzitsi athunthu a sayansi, ankaonerera pawindo. Ndinawagwira malaya kuti apite akafotokoze, poti iwo akanamvedwa. "Ndife obwera ife, za eni mudzi tisalowerere," anatero, n'kutseka katani.

A Nyirenda anakweza katundu pangolo kupita kwa mwana wawo ku Jenda, ndipo anamwalirira komweko. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti patangotha sabata mvula inagwa, anthu aja n'kumati, "Mwaona?"

Pakamwa panga sindinapakhululukire, koma ndinali mwana wa Sitandade 4. Bambo anali ndi ndevu ndi satifiketi. Pano akalamba, ndikuwasunga ndine, mankhwala ndimawagulira. Koma akayamba kufotokozera adzukulu mmene mvula imapangikira, ndimanyamuka n'kutuluka panja.