Mayi Amene Anasiyira Galu Mchere

Ku Kirtipur, mukafunsa kwa telala Menuka Karki, anthu amayamba akufunsani kaye ngati mwabwera ndi nsalu kapena ndi galu. Ndi mayi wamfupi koma wa mawu aakulu, woti akamatsutsana ndi kasitomala za kutalika kwa mkono wa bulauzi, msewu wonse umadziwa amene akulakwa. Mwamuna wake anafera kunja kumene anapita kukagwira ntchito ya zomangamanga, ndipo kuchokera pamenepo Menuka amakhala ndi apongozi ake aamuna, a Tek Bahadur, msilikali wakale amene anapuma pa chilichonse kupatula kudandaula.

Za agaluzi anamuyambitsa ndi Anjila, mayi wa kubungwe lopulumutsa agalu a mumsewu. Bungwelo likatola galu wovulala limamupatsa mankhwala, kenako limafuna nyumba yoti akachirireko mpaka litapeza banja lomutenga. Tsono nyumba zathu zambiri n'zosanja, masitepe ake oti ngakhale munthu wabwinobwino amafika pamwamba akupuma wefuwefu. Ya Menuka ndi yapansi, ili ndi kabwalo kowomba dzuwa. Choncho agalu amphamvu ankapita kwa ena, koma othyoka misana, akhungu ndi okalamba onse ankathera kwa Menuka. Ambiri anachira n'kupita, koma enanso ndithu sanatuluke pageti paja.

Menuka amawakumbukira onse, ndipo mukamuputa muphonya basi. Lure anabwera ali mafupa okhaokha, koma mphamvu zoba tepi yoyezera n'kukaibisa pansi pa bedi la apongozi anali nazo. Sete, amene njinga yamoto inamuthyola msana, ankadzikoka ndi miyendo yakutsogolo kukalonjera aliyense wobwera kudzayezetsa, mpaka amayi ena ankabwera opanda nsalu n'komwe. Khaire anali nkhalamba yodzimva. Mpunga wopanda msuzi wa nkhuku ankauyang'ana ngati wamutukwana. Aliyense wa iwo nthawi yake itakwana, Menuka anamunyamula kukamugoneka pansi, pafupi ndi kachitsamba kopatulika ka tulasi, monga timachitira ndi munthu, n'kumudonthezera madzi mkamwa. Onse anagona pansi pa mtengo wa gwafa kuseri kwa nyumba.

Pa chikondwerero cha Tihar pali tsiku la agalu, pamene galu aliyense, woweta ndi wamumsewu yemwe, amavekedwa nkhata ya maluwa, kupakidwa tika, kadontho ka utoto wofiira wa madalitso, pamphumi ndi kudyetsedwa mpaka kukana yekha. Tsiku limenelo Menuka ankagula nkhata za amoyo, n'kugulanso zina zokakoleka pa nthambi za gwafa uja, akutchula dzina lililonse mokweza.

"Didi, chaka chino zambiri ndi ziti, za oyenda kapena za ogona?" ankamuseka Parbati wogulitsa maluwa, akumuitana Didi monga timaitanira achemwali aakulu. "Kwanu kuja si nyumba ayi, ndi depoti ya Yamaraj, mfumu ya akufa. Agalu amangodikirirapo basi."

"Bola depoti yanga ili ndi mpunga," Menuka ankayankha. "Iwe ukadzakalamba ubwere, chiguduli chako ndakusungira."

Ankaseka choncho chifukwa imfa za nkhalambazo ankazionera patali, mtima n'kukonzekeratu. Koma Bhunte sanali nkhalamba. Anali kagalu kofupika miyendo, konenepa ngati thumba la ufa, kamene kanabwera ndi mwendo umodzi wothyoka. Mwendowo unapola, kagalu kanayamba kuthamangitsa nkhunda pabwalo, ndipo banja lina la ku Patan linali litabwera kale kudzakaona n'kukakonda. Menuka anali atasoka kale kajuzi koti kapite nako. Kenako kanayamba chifuwa, maso kuchita manthongo, miyendo kunjenjemera. Dokotala wa ziweto anayesetsa, koma mvula isanathe Bhunte anafera m'manja mwa Menuka pafupi ndi tulasi paja.

Apa mpamene Menuka anachita zimene zinadabwitsa msewu wonse. Anasiya mchere masiku onse a maliro, monga timachitira akamwalira wapabanja. Ndipo poti wophika m'nyumbamo ndi iye, a Tek Bahadur nawonso anausiya osafunsidwa.

"Buhari," anamuitana motero monga apongozi amaitanira mkazi wa mwana wawo, uku akutakasa mphodza zozizira mkamwa, "ine ndamenya nkhondo, ndadya zinthu zoti sindingazitchule. Koma kulira maliro a galu ndi m'mimba mwanga, izi ndiye zachilendo."

"Mchere uli pa shelefu apo, Ba. Manja muli nawo," anayankha Menuka, akuwaitana Ba monga timaitanira bambo.

Iwo anauyang'ana mcherewo, nang'ung'udza, koma sanautenge.

Maliro atatha, Menuka anachapa ziguduli zonse, kusanjikiza mbale za agalu n'kuziika m'katoni pafupi ndi geti. Mtima wake unali utasweka, ndipo sankabisa. Ankanena poyera kuti manja ake ndi oipa, kuti ngakhale kagalu kochira kale kafera mwa iye, ndiye kuti vuto si agalu ayi. Pabwalo panakhala zii. Makina osokera ankangolira okha, popanda wowauwa.

Kutatsala pang'ono kuti Tihar ifike, Anjila anatulukira ndi chiphapha chake cha galimoto. Sanatsitse galu. Anakhala pa mpando wa makasitomala, nalandira tiyi, nayamba kuzungulira nkhani ngati munthu wodzabwereka poto.

"Didi, kuli nkhalamba ina kwathu kuja."

"Katoni yanu iyo, mutenge popita."

"Mungomva kaye. Anthu a pamalo okwerera basi ankamutcha Sajeni, chifukwa ankalondera kashopu ka tiyi ngati walembedwa ntchito. Msewu ataukuza kashopuko anakagwetsa, mwini wake anabwerera kumudzi. Galuyo anatsala pomwepo, maso onse akhungu, akulondera mulu wa njerwa. Tamuika m'khola la waya poti malo atithera, koma chilowereni wakana kudya. Adokotala akuti impso zatha. Nyengo yozizira ikubwerayi saimaliza, ndipo akapitiriza kukana chakudya, ngakhale kuiyamba saiyamba."

"Ndiye mwati mubweretse kuno adzafere pa ine?"

Anjila sananame. "Eya, Didi. Kuti adzafa, adzafa ndithu. Nkhani ndi yoti adzafere kuti."

"Ayi, mng'ono wanga. Gwafa uja wakhuta. Funani wina wa manja abwino."

Anjila anamaliza tiyi wake n'kunyamuka. Katoni ija anaiiwala dala, ndipo Menuka anaona kuti waiiwala dala.

Tsiku la agalu linacha bwino, kumwamba kopanda kamtambo, fungo la maluwa ndi lubani lili ponseponse. Agalu a mumsewu amalidziwa tsikuli kuposa ansembe. M'mawa ndithu anali atakhala kale pageti la Menuka, michira ikusesa fumbi, poti chaka chilichonse mazira owiritsa amayambira pamenepo. Koma Menuka anakhala pa makina ake, nkhope ili gwa. Nyumba imene yagwa maliro sichita chikondwerero chaka chimenecho, sipaka tika, siveka nkhata. Iye anati Bhunte anali wapabanja, choncho chaka chino kulibe Tihar. Ngakhale za pa gwafa sanagule.

A Tek Bahadur anayenda uku ndi uku pabwalo, akuyang'ana agalu aja, akuyang'ana mpongozi wawo. Kenako anavala chipewa chawo n'kutuluka ndi ndodo. Anabwerera atakoleka nkhata mkono wonse, Parbati akuwakuwira kumbuyo kuti, "Ba, mwapeza mkazi kodi? Mutiitane ku ukwati!"

Munthu amene kwa zaka zonsezi ankati agalu ndi utitiri woyenda ndi miyendo anagwada pageti ndi kambale ka tika. Manja awo amanjenjemera, ndiye tika ina inathera pa khutu, ina pa mphuno, galu wina anaseteka kambale konse n'kutsala ndi ndevu zofiira. Menuka anaona zonsezi ndi kona ya diso, nadziluma mlomo kuti asaseke.

Ali mkati mochita zimenezo, galimoto ya Anjila inaima pamsewu. Tsiku limeneli a bungwe amazungulira kuveka nkhata agalu amene ali m'nyumba zowasunga, ndipo Anjila anali atamutenga Sajeni kuti apite naye kwa dokotala akamaliza. A Tek Bahadur anasuzumira kumbuyo kwa galimoto. M'khola la waya munagona galu wamkulu, wa imvi kukamwa, nthiti zikuwerengeka, maso oyera ngati mkaka. Mphumi yake inali yopanda kanthu.

"Uyu bwanji alibe tika?"

"Alibe kwawo, Ba," anatero Anjila. "Timupaka tikafika."

Mkuluyo anatembenuka, naloza mpongozi wake ndi ndodo. Mawu awo a usilikali aja anabwerera.

"Buhari, tabwera kuno. Ndili ndi mlandu nawe."

Menuka anabwera mpaka pageti, osapitirira.

"Iwe unandidyetsa mphodza zopanda mchere chifukwa cha kagalu kaja. Ndinang'ung'udza, koma ndinadya. Ukudziwa chifukwa chake? Mwana wanga, mwamuna wako, anafera kutali m'chipinda cha anthu osamudziwa. Panalibe womugoneka pansi, panalibe womudonthezera madzi. Tinangolandira bokosi. Ndiye nditaona kagalu ka mumsewu kakufa mutu uli pa mwendo wako, madzi ali kukamwa, nyumba yonse n'kukasiyira mchere, ndinati kameneka kafa bwino kuposa mwana wa Tek Bahadur. Iwe ukuti manja ako ndi oipa? Amene ali pansi pa gwafa aja akanafera mu ngalande, akhwangwala akuwadikirira. Tsopano tayang'ana uyu. Akafa m'waya umu, adzamusiyire mchere ndani?"

Chifikireni bokosi lija, mkuluyo anali asanatchulepo imfa ya mwana wake. Menuka misozi inamutsika osaipukuta. Ankaopa ndithu, chifukwa ankadziwa bwino lomwe ululu umene ankauitanira m'nyumba, ndi kuti sudzachedwa. Komabe anatsegula geti.

"Tika sindipaka, Ba. Ndili pa maliro."

"Ndani wakupempha? Iwe ungogwira mutu, ntchito ya tika ndaizolowera lero."

"Mwaizolowera! Agalu onse a msewu uno akuoneka ngati agwera mu utoto."

Anjila anatsegula khola, ndipo awiriwo ananyamula Sajeni pa chiguduli chochokera m'katoni muja n'kukamugoneka pabwalo pamene dzuwa linkawomba. Galuyo anaumitsa thupi, akununkhiza mphepo, osadziwa kumene wafika. Menuka anakhala pansi, naika mutu waukulu wa galuyo pa mwendo, namukanda kuseri kwa khutu, akumulankhula ndi mawu otsika amene makasitomala ake sanawamvepo. Pang'onopang'ono khosi linafewa. A Tek Bahadur anapaka tika, ndipo ulendo uno inakhala pakati penipeni pa mphumi. Anamuveka nkhata, naimirira, namuchitira sawatcha ngati msilikali mnzawo.

Nkhata zinatsalapo zingapo. Mkuluyo anazitenga n'kulowera kuseri kwa nyumba, ndipo posakhalitsa anakuwa ali konko.

"Buhari! Wakuba tepi uja anali ndani?"

"Lure!"

"Nanga wodzikoka uja?"

"Sete, Ba. Wonyada uja Khaire. Musasokoneze, Khaire sangalole nthambi yapansi."

Anatchula ena onse mmodzimmodzi, mkulu akubwereza kuseriko. Dzina lomaliza sanathe kulitchula, koma apongozi akewo sanadikire kuuzidwa. Anamveka akuti, "Ndi iwe Bhunte, wondimanitsa mchere, nayi yako."

Menuka anaseka misozi ili m'maso. Kenako anatuma Anjila kukhitchini kuti akawiritse dzira. Litapola analiswa, nanyema kachidutswa, nakaika pachikhatho pafupi ndi mphuno ya galuyo. Sajeni ananunkhiza nthawi yaitali, natembenuzira mutu kumbali. Menuka sanachotse dzanja. Anangokhala choncho, dzuwa likuwawotcha onse awiri, mpaka lilime louma lija linatuluka n'kutenga kachidutswako. Linabweranso kufuna kena.

Anjila anapumira m'mwamba, natola makiyi a galimoto. "Ndipita, Didi, ena akundidikira. Ndiyesabe kufunsafunsa, mwina pangapezeke banja loti..."

"Ayi," anatero Menuka, osadzutsa mutu, akunyema dzira lotsalalo. "Uyu musamufunire banja. Wafika."