Selotepu pa Windo la Adadi

Dzulo ndikumata katoni, kulira kwa selotepu kunandikumbutsa fulati yathu ya ku Thamesmead.

Amayi ankagwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba. Tsiku lina ndinawamva akuuza mnzawo kuti kumeneko munthu akamwalira, manesi amatsegula windo kuti mzimu utuluke. Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo nkhaniyo ndinaisunga.

Adadi atabwerako kuchipatala ali owonda, osathanso kuyenda, ndinadziwa chochita. Ndinakwera pampando n'kumata windo la kuchipinda kwawo m'mbali monse. Inali nyengo yotentha, ndipo m'chipindamo munkangomveka fungo la mankhwala ndi thukuta.

Amayi ataona anakalipa: "Iwe Tadala, ukufuna adadi ako abanike?"

Nditafotokoza, adadi anaseka mpaka kutsokomola. "Musiyeni mwanayo, amake Tadala. Wanditsekera njira, ndiye ndikhala konkuno."

Anakhala milungu itatu. Tsiku limene anamwalira, amayi anandipatsa sizasi n'kundigwirira mpando. Windolo ndinatsegula ndine.

Kumene mzimu umapita sindikudziwa mpaka lero. Chimene ndinadzazindikira nditakula n'chakuti milungu yonseyo munthu uja ankapuma movutikira, koma sanapemphepo kuti amutsegulire windo.