Kolera Wokana Kufa

Ndikukumbukira sewero lathu la pasukulu ina kufupi ndi Chintheche, pansi pa mtengo wa mango, mphepo ikubweretsa fungo la chinangwa choviika. Ndinali Sitandade 5. Aphunzitsi athu, ochokera ku Dedza, anakonza sewero lophunzitsa ukhondo, ndipo ochita bwino amayenera kukapikisana kuboma. Ine ndinali namwino. Mchimwene wanga Wanangwa anali Kolera, atadzipaka makala nkhope yonse. Ntchito yake inali yochepa: ndimuwaze madzi a mankhwala, agwe, afe.

Koma masiku amenewo Wanangwa ankaswera kwa mwana wa wapolisi, yemwe anali ndi kamakina ka gemu kolumikiza ku TV. Mmenemo munthu akafa ankadzukanso.

Ndinamuwaza. Anagwa bwinobwino, fumbi koboo. Anzathu anayamba nyimbo ya maliro monga tinakonzera. Nyimbo ili mkati, Kolera anadzuka n'kudzisasa.

"Pepani anesi, ndatsala ndi moyo wina."

Anadumpha ngati wakarate, akuliza pakamwa timaphokoso ta mu gemu, kenako n'kulowa nawo nyimbo ya maliro ake omwe, ndi besi. Azimayi oonerera anaseka mpaka kupukuta misozi ndi zitenje. Ine ndinangotula pansi ndowa ya mankhwala.

Aphunzitsi sanaseke. "Kodi limeneli ndi sewero lophunzitsa, nthabwala, kapena filimu? Sankha chimodzi." Kuboma kunapita Kolera wina, womvera, wofa kamodzi, chonsecho kolera weniweni amabweranso dzinja lililonse. Wanangwa sanachitenso sewero. Pano ali ku Joni, amatchetcha kapinga wa eni ake, ndipo akaimba foni amangofunsa za mvula.

Masiku ano achinyamata osakaniza zinthu chonchi ndiwo akutchuka m'mafoni. Mwana wanga wa zaka zisanu nayenso wayamba. M'nthano zake muli ng'ona yoyendetsa minibasi, ikuimba nyimbo ya kutchalitchi, ikumenyana ndi mizukwa. Ndisaname, ndimaopa. Ndimamulanda foni, ndimamuuza kuti azilankhula zomveka, ine ndi satifiketi yanga ya kukoleji. Amandiyang'ana, nkhani n'kuthera pomwepo, ng'ona isanafikitse minibasi yake ku Kande. Chaka chamawa ayamba Sitandade 1, ndipo sindikudziwa amene adzayambe kumukhalitsa chete, aphunzitsi kapena ine mayi wake.