Chaka Chimene Anafuna Kutigawana

Kulira kwa Tadala ndi kumene ndimakumbukira poyamba, kulira kwa mwana wanjala amene bere lili pakamwa koma sakulifuna. Tinkakhala ku Bangwe, kumtunda, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, malata ake otsindiridwa ndi miyala. Ine Esinati ndinali Sitandade 4, mlongo wanga Fatsani anali asanayambe sukulu, mng'ono wathu Tadala anali asanayambe n'kukwawa komwe. Bambo anali atapita ku Joni mwanayo ali wakhanda, ndipo mauthenga awo anangoduka. Amayi akamuika Tadala kubere lakumanja ankayamwa bwinobwino. Akamutembenuzira kumanzere ankakankha ndi timanja take, n'kupotoza khosi, n'kuyamba kukuwa.

Pampopi nkhani inafika msanga. Ndinkaima pamzere ndi ndowa yanga, azimayi akulankhula ngati ine ndilibe makutu. Ankati mwana sakana bere popanda chifukwa, mwamuna ali kutali, ndiye kuti mayi wayenda ndi wina, wamusempha mwana, mkaka wawonongeka. Zonse sindinkazimvetsa, koma ndinkaona mmene ankapindira milomo. Amayi atamva sanakangane ndi munthu. Tsiku lina akuchokera kubafa anangogwira dzanja langa n'kuliika pambali pa bere lija. Munali kanthu kolimba ngati nthangala ya pichesi, kosasuntha. "Wakamva kameneko? Basi, ndiye kuti sindikulota," anatero.

Kuchipatala chachikulu m'tauni anapitako kangapo, anawadula kachidutswa kokayeza, kenako dzina linabwera, khansa ya m'mawere. Mvula itangotha anawachotsa bere lonse. Anabwerako ndi kapaipi kotuluka m'munsi mwa khwapa, kakudonthezera madzi ofiirira m'kabotolo, ndipo dzanja lamanzere silinkafika ngakhale pashelefu ya mchere. Anamwino anawauza kuti aziyendetsa zala pakhoma ngati kangaude, tsiku lililonse kukwezako pang'ono. Iwo ankaluma mano, n'kulemba ndi khala pamene zala zafika. Eni nyumba atadandaula kuti khoma likuda, anawayankha kuti adzalitsuka okha ndi dzanja lomwelo.

Chiperoni chinabwera pamodzi ndi mankhwala a diripi. Nkhungu inkatsika m'phiri n'kulowa mpaka m'mabulangete, matewera osauma masiku atatu, nyumba ikununkha makala onyowa. Akalandira diripi ankasanza mpaka m'mimba mouma, ndipo fungo la anyezi wokazinga kwa aneba linkawathamangitsira kuseri. Ankati chakudya chilichonse chikumveka chitsulo m'kamwa, ankangoyamwa ndimu. Tsitsi linayamba kutsalira papilo, kenako m'chipeso, mpaka anaitana wometa wa pamsika kuti angomaliza. Ine ndinkabereka Tadala, maso anga ali pachifuwa cha amayi akagona, kuona ngati bulangete likukwera ndi kutsika.

Loweruka lina m'mawa kunabwera alendo. Anali amalume a ku Machinjiri, achimwene awo a amayi amenenso anali mwinimbumba wathu, ndi azakhali a ku Chilomoni, alongo awo a bambo. Amayi anali gone, linali tsiku lachiwiri chilandirireni diripi. Alendo anakhala pakhonde n'kundituma tiyi, ndipo poti mbaula inali pafupi ndinamva zonse. Azakhali anati ine anditenga, ndine wamkulu, ndizikawalerera ana. Amalume anati Fatsani apite kumudzi ku Phalombe, kuli mbuzi zosowa mbusa. Tadala ankangokankhirana, aliyense akuti kwake n'kopanikizika. Ankalankhula motsitsa mawu, mmene amachitira anthu pogawana zovala za malemu. Ndinapsa chala ndi ketulo koma sindinalire, kuopa kuti angasiye kulankhula ine ndisanamve kumene ndikupita.

Chitseko chinalira. Amayi anatuluka akugwira khoma, opanda duku, mutu wopanda tsitsi n'limodzi lomwe, mphepo yonse ija. Anakhala pansi pakati pa alendowo n'kumasula mabatani a bulauzi. Chipsera chonse chinali poyera, kuyambira pakati pa chifuwa mpaka kukhwapa. Amalume anatembenuza nkhope kuyang'ana kumpanda.

"Achimwene, maliro ake ali kuti?" anafunsa amayi. "Mwagawana kale ana, ndiye ndionetseni mtembowo ndilire nawo."

"Mlamu, ifetu tikungofuna kuthandiza," anatero azakhali.

"Pamene ankandiimba pampopi kuti ndine woyendayenda, munabwera kudzathandiza? Madokotala achotsa chimodzi, ichi mukuchionachi. Chinanso m'nyumba muno sichichoka."

Tiyi anazizirira m'makapu. Alendo anatsanzika mwamsanga, ndipo atangokhota pangodya amayi anasanzira pomwepo, m'ngalande ya pakhonde. Atatha anapukuta pakamwa n'kunditumiza duku lawo.

Sizinathere pamenepo. Sabata yomweyo anaitanitsa mng'ono wawo, amayi aang'ono a Felesiya, amene ankasoka zovala pakhonde la sitolo ku Limbe, kuti asamukire kwathu ndi mashini awo omwe. Lachinayi anaitananso amalume, nthawi imene azimayi a kutchalitchi kwathu ankabwera kudzawazonda atavala yunifolomu. Nyumba inadzaza, ena anakhala pakhomo. Nyimbo itatha, amayi anapempha amalume kuti anene ndi pakamwa pawo, pamaso pa onsewo, kuti zivute zitani ana atatufe tidzakhala denga limodzi ndi a Felesiya, palibe wopita kwina. Amalume ananena chamumtima. Mayi wina wakumbuyo anati, "Kuno sitinamve, abambo." Anabwereza mokweza, thukuta likutuluka m'chiperoni.

Ine kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuopa. Ndinkati munthu woimitsa mwinimbumba pakati pa azimayi, imfa ingamuyambe bwanji? Ndinkakhulupirira kuti amayi akuchita zonsezi chifukwa akudziwa kuti safa. Ndipo sanafedi, alipo mpaka lero, amagulitsa tomato pamsika ndipo lichero amasenza ndi manja onse awiri.

Panopa ndili ndi ana anga awiri, wamng'ono sanakwane zaka zitatu. Mwezi watha nanenso anandidula kachidutswa kokayeza, zotsatira ndikudikira, ndipo foni ikangolira ndimaithamangira. Ndinapita pabenchi pa amayi kumsika kukawafunsa kuti mphamvu ija anaitenga kuti. Anaseka, akupukuta tomato ndi chitenje. "Mphamvu yanji, Esinati? Ine ndinkayesa Khirisimasi sindiiona. N'chifukwa chake ndinkafulumira."

Ndinabwerera kunyumba. Ndisanavule n'komwe nsapato ndinamuimbira mng'ono wanga Tadala kuti abwere Loweruka, ndi chikwama chake, tidzakambirane za ana.