Tsiku Limene Rauta Inawoloka Malire pa Chiponde

Ndikukumbukira kachipinda ka mayi anga aang'ono, aZainabu, kuseri kwa golosale ina pa Chiponde, pafupi ndi pomwe malole ankaima podikira kulowa m'Mozambique. Munali makompyuta ochepa, fani yolira ngati njinga yosowa girisi, ndi fungo la fumbi losakanikirana ndi la chipisi chokazingidwa panja. Anthu ankati ndi kafe, ndipo omwe ankadzazamo anali ogwira ntchito yowombola katundu pamalire.

Mawaya onse a mmenemo anayala okha aZainabu. Anali abuluu, okhomeredwa kukhoma ndi misomali yopinda, ndipo onse ankakathera m'kabokosi ka timagetsi tophethira komwe ankati rauta. Kuchokera m'kabokosiko, waya wina unkatulukira kudenga n'kukwera pansungwi yaitali, pomwe panali mlongoti woloza cha ku Namwera, kumene kunali nsanja ya mafoni. Ine ndinali mu Sitandade 6, ndipo ndinkaona kuti mkazi wonga aZainabu kunalibe dziko lonse. Ankatha kusenda waya, kusanja timawaya tamitundumitundu ta mkatimo, uku akukambirana ndi munthu za mtengo wa tomato. Pasiwedi ya intaneti yopanda waya sankauza aliyense, ndipo akaona anyamata a kabaza ayamba kutsamira khoma lawo ataweramira mafoni, ankaisintha tsiku lomwelo.

Bambo anga anali ku Joni, monga amuna ambiri akwathu. Anachoka amayi ali ndi pakati. Poyamba ankaimba foni kawirikawiri, kenako kunangoti zii. Tinamva kuti foni yawo inabedwa, koma azimayi kumjigo ankanong'ona kuti mbava zoba mafoni a amuna a ku Joni zimavala ndolo. Ankaganiza kuti sindikumva. Ndinkamva bwinobwino, ndipo zinkandipweteka kwambiri.

Mlongo wanga atabadwa, aZainabu anawalembera bambo imelo. Yankho linabwera lalifupi: Lachisanu akatuluka kumzikiti ku mapemphero a Juma adzakhala pa kompyuta, ndipo akufuna kumuona mwana, kumuchitira m'khutu azana, mawu aja oitanira anthu ku mapemphero, ndi kumutcha dzina okha. Amalume aSaidi, mchimwene wawo wa amayi, sanakondwe nazo. Anati mwana watuluka kale m'chikuta, sangakhale wopanda dzina podikira munthu wa pagalasi. Bambowo akapanda kuoneka pofika swala ya Asiri, pemphero la dzuwa litapendeka Lachisanu lomwelo, dzinalo adzatcha iwo. Ngakhale ndinali mwana, ndinadziwa tanthauzo lake: mudzi wonse ukanadziwa kuti bambo atisiya.

Lachinayi kunagwa mvula yamkuntho, koma Lachisanu kunacha bwino. Tinapita kukafeko titavala zatchuthi, amayi atamufunditsa mwana chitenje chatsopano chonunkhira m'sitolo. AZainabu anatulutsa makasitomala, n'kutikhazika patsogolo pa kompyuta yomwe inali ndi kamera. Dzina la bambo linali pasikirini, koma lotuwa, ndipo kachizindikiro kena kankangozungulira. Tinadikira. Malata anayamba kutentha, mwana anayamwa n'kugona, kachizindikiro kaja kali kuzungulirabe. Amalume anatsokomola chifuwa chopanda chimfine n'kunena kuti iwo ananeneratu. Amayi anangoyamba kukonza chipewa cha mwana chomwe chinali kale bwino.

Ine misozi inalengeza. Ndinawakoka aZainabu mkono n'kuwafunsa chapansipansi ngati bambo atiiwala.

"Asiyatu," anatero ponditchula dzina langa, "uthenga ukapanda kufika, sitiyamba ndi kuweruza munthu wakutali. Timayamba ndi waya uli pamapazi pathu."

Anagwada pansi ndi diresi lawo labwino lomwelo, n'kuyamba kuusisita waya kuchokera kukompyuta mpaka kurauta, poti makoswe a m'golosale muja ankaukonda kuposa chimanga. Waya unali wathunthu. Anauzula, kuuzira fumbi, n'kuubwezera mpaka unati the. Timagetsi tinkaphethira monga mwa masiku onse. Kenako anatsegula kawindo kakuda pasikirini n'kulembamo manambala. Anandiuza kuti makompyuta nawonso ali ndi mwambo wawo: iliyonse ili ndi adiresi yake, ndipo siingolowa pakhomo pa inzake n'kuyamba kulankhula. Imayamba yaodira, n'kudikira kuti iyankhidwe. Anaodira kwa rauta, ndipo mizere yoyera inatsika msanga, kusonyeza kuti yayankha. Ataodira kunja, kumakompyuta akutali, sipanabwere yankho lililonse.

Anatifotokozera kuti m'nyumba mwathu zonse zili bwino, koma mawu athu sakutuluka n'komwe pa Chiponde. Bambo akhoza kukhala alipo, akhoza kukhala palibe, koma ife sitinafike pakhomo pawo kuti tidziwe. Amayi anadzutsa mutu kwa nthawi yoyamba.

AZainabu analowa m'tsamba la rauta, ataphimba zala ndi dzanja linalo kuti ngakhale achimwene awo asaone pasiwedi. Anayang'anitsitsa, kenako anaphulika kuseka mpaka mwana anadzidzimuka. Pomwe pankayenera kukhala dzina la netiweki ya ku Malawi panali dzina lachilendo, la ku Mozambique. Anati pamalire mafunde a nsanja za mbali zonse ziwiri amakumana, ndipo rauta ikasiyidwa kuti isankhe yokha, imathamangira yomwe ikumveka mwamphamvu. Mkuntho uja unali utapotoza mlongoti n'kuulozetsa cha ku Mandimba, kutsidya kwa malire. Rauta inawoloka malire, koma bandulo yomwe anagula inali ya kuno, ndiye kumeneko inkangoima panja ngati mlendo wopanda chiphaso.

Amalume anawoloka malire omwewo ali mnyamata, pothawa nkhondo, atasenza mtolo wa ziwiya. Anakayang'ana kabokosiko n'kupukusa mutu.

"Ife tinathawa kumeneko kubwera kuno, iko kakuthawira komwe tinachoka?"

Sanadikire kupemphedwa. Anavula kofiya n'kundipatsa, anakwinya kanzu yawo m'chiuno, n'kukwera padenga podzera pamgolo wa madzi. Tinkamva malata akudandaula pamwamba pa mitu yathu. AZainabu anali diso limodzi pasikirini, pakamwa pawindo, akuwauza achimwene awo kuti apotozere kumanzere pang'ono, abwerere, apitirirenso, mpaka anati agwire pomwepo osasuntha. Kenako anailamula rauta kuti ikhale pa netiweki ya kuno basi, isamasankhenso yokha. Ataodiranso kunja, mizere yoyera ija inatsika motsatizana.

Dzina la bambo linasanduka lobiriwira. Tisanachite chilichonse, kompyuta inayamba kulira mosalekeza, mauthenga akugwa ngati mango pamphepo. Anali mauthenga omwe bambo analemba nthawi yonse ija ife tikudikira, ndipo anali atangounjikana panjira. Ndinawawerenga mokweza. "Ndafika." "Muliko?" "Ndikudikira." "Abwana andipatsa nthawi yochepa." "Muliko?" Womaliza unali wakuti, "Sindichoka mpaka ndimuone mwana wanga." Amayi anaphimba nkhope ndi nsonga ya mpango, mapewa akugwedezeka.

Nkhope ya bambo inatuluka m'timabokositimabokosi, yowonda kuposa momwe ndinkaikumbukira. Amayi anamunyamula mwana kumuyandikitsa kukamera, ndipo bambo anangomuyang'anitsitsa. Koma mawu ankadukaduka. AZainabu anati msewu wa intaneti ndi wopapatiza, chithunzi ndi mawu sizingadutse bwino pamodzi, ndipo anazimitsa chithunzi kuti azana ifike yosaduka. Anaika hedifoni pafupi ndi khutu lakumanja la mwana. M'chipindamo munali bata, kupatula fani ija, ndipo tinkamva mawu a bambo akutuluka mocheperachepera, mawu omwewo omwe ankandidzutsa nawo m'mawa ndili wamng'ono. Atamaliza anati mwanayo ndi Yusufu. Kenako anafunsa ngati amene anawerenga mauthenga awo anali Asiyatu.

Amene anaphonya zonsezi anali amalume, poti nsungwi inali isanamangidwe ndipo akanaisiya ikanapotokanso. Anakhala padzuwa pamalata otentha ataikumbatira, n'kumafunsa kudzera padenga ngati dzina latchulidwa. Atauzidwa, anangoti ndi dzina labwino, ndipo anapempha kuti wina awaponyere chingwe.

Lero ine ndimagwira ntchito yomweyi ya mawaya a intaneti ku Mangochi boma, ndipo amene anandiphunzitsa kusanja timawaya tija ndi aZainabu. Kafe ija inatsekedwa kalekale, poti intaneti aliyense akuyenda nayo m'thumba. Yusufu amaimba foni yooneka nkhope uku akuyenda mumsewu, ndipo chithunzi chikaima pang'ono chabe amadandaula ngati dziko latha. Bambo anabwerako n'kutsegula golosale yawo, ndipo amalume ndiwo amakhala pakhonde pake tsiku lonse. Zambiri zasintha, ndipo sindingafune kubwerera kumasiku a nsungwi. Koma mpaka pano, munthu amene ndimamukonda akakhala chete nthawi yaitali, mtima ukayamba kumuweruza, ndimawaona aZainabu atagwada pafumbi ndi diresi lawo la Lachisanu. Ndimayamba ndayang'ana mbali yanga, kenako ndimaodiranso.